Lachiwiri, kuzizira kwa Dedza ndi nkhani za gofu

Lero kwacha ndi chiperoni, nkhungu ndiye osakamba, phiri la Dedza osaoneka mpang'ono pomwe. Mmawa ndinathamangira ku Lizulu kukatenga mbatatesi ndi kabichi za ku shopu, pobwera minibasi inaima pa Bembeke mpaka kalekale kudikira ma pasenja, zachizolowezi.

Madzulo alamu anga anatulukira, anandipeza ndikuonera gofu pa foni. Akuti alamu, inunso mwayamba za mabwana? Akuti amenewa ndi ana a anthu olemera, akangomaliza koleji basi ndalama zimangowatsata. Ndinawauza akhale pansi kaye, tiyi ali pamoto.

Amene ndimaonerayo ndi Scottie Scheffler. Mnyamatayu anakulira ku Dallas, anaphunzira pa University of Texas kuyambira 2014 mpaka 2018, digiri yake ya finance, uku akuseweranso timu ya sukulu. Ku America makoleji amakhala ndi matimu a gofu enieni, kochi, jimu, maulendo zonse amalipira asukulu, iwe kwako nkusewera ndi kukhoza mayeso. Ndiye alamu pamenepo sakunama kwenikweni.

Koma ukangonena kuti ndine pro, wosewera gofu ngati ntchito, zonsezo zimathera pompo. Ndege udzilipirire, hotela udzilipirire, kadi wonyamula chikwama cha ndodo uja naye akufuna zake sabata iliyonse. Ndiye pali chinthu amati cut, mpikisano umakhala wa masiku 4 koma akasewera awiri oyamba amadula, ku PGA Tour, ligi yaikulu ya gofu ku America, amatsala 65 apamwamba ndi omwe afanana nawo zigoli, enawo kwanu, mphoto palibe olo 1 tambala. Zili ngati kupita ndi thumba la tomato ku msika, walipira transipoti, tsiku lonse osagulitsa, mawa uyambirenso. Apa alamu anangoti eeh.

Scheffler naye sanalowe tour yaikulu mwachindunji ayi. Anadutsa ku Q-School, mpikisano wolimbirana malo mu ligi, kumapeto kwa 2018, 2019 yonse anali ku ligi yaing'ono ya Korn Ferry, anawina kawiri nkukwera. 2020 anamusankha kukhala wabwino kuposa onse atsopano, anamalizapo raundi imodzi atamenya mpira ka 59 kokha (mu gofu kumenya kochepa ndiye kuchita bwino), koma chikho osachigwira. Mu 2021 anagonjetsa katswiri wa ku Spain Jon Rahm ku Ryder Cup, mpikisano wa timu ya America ndi ya ku Ulaya, asanawineko mpikisano uliwonse wa PGA Tour, anthu kumangoti mwanayu amatha koma samaliza. Kenako February 2022 anawina ku Phoenix, March ali nambala 1 padziko lonse, April wavala jekete yobiriwira yomwe amapatsa wowina mpikisano waukulu wa Masters. Anthu amakumbukira miyezi itatu imeneyi, ine chimandigwira mtima ndi zaka zija za pakati.

Alamu akuti nanga Tiger Woods? Ayi uja tisamuwerengere, anachoka ku yunivesite ya Stanford mu 1996 asanamalize, chaka chomwecho wawina kale kawiri, 1997 Masters ali ndi zaka 21. Masiku anonso anatsegula njira yachidule, amene wakhala nambala 1 ku makoleji amapatsidwa malo mu tour, Ludvig Åberg wa ku Sweden ndi amene anayamba mu 2023. Koma ndi angati otero.

Magetsi anathima cha m'ma 8, alamu ananyamuka atabwereka tochi yanga. Akuti Loweruka abwera tidzaonere limodzi, bola bandulo ndigule ine.