Bakha wa apongozi ndi chipolopolo changa

Ine ntchito yanga ndi ya ng'ombe. Ndimagula kwa alimi a ku Ngabu ndi ku Bangula, n'kukwera nazo mtunda wa Thabwa kukagulitsa ku Blantyre. Pobwerera m'thumba mumakhala ndalama zoti ukangomva njinga yamoto kumbuyo, mtima uli phaa. N'chifukwa chake ndinafuna mfuti. Osati zakuseri ayi. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna chiphaso, ndipo ndinapondaponda kupolisi mpaka nsapato kutha zidendene.

Imene ndinapezayo ndinagula kwa mkulu wina amene anakhalitsa kunja. Ndi kamfuti kopangidwa ku Utah, ku America, kotalika masentimita 10 basi, koti ukakafumbata sikaoneka. Pakati pake pali kagudumu ka zibowo 5, ndipo m'menemo mumalowa tizipolopolo ta .22, tonenepa mamilimita osakwana 6. Chogwirira chake chimangokwana zala ziwiri, zinazo zimangolendewera. Ine ndinkakakonda chifukwa kamakhala m'thumba la malaya anthu n'kumayesa foni.

Koma ndili ndi mlamu wapakamwa. Iye anangomva kwa mlongo wake kuti alamu agula mfuti, osaiona n'komwe, ndiye anakaifotokoza kumudzi malinga ndi m'mene ankailotera. Mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuchigwa kuno limapitirira madigiri 40, tinapita kukazonda apongozi kumudzi wina wa kufupi ndi nkhalango ya Lengwe. Ndinadabwa kupeza madoda atadzaza pansi pa mtengo wa nimu, ena atabwera ndi timipando tawo.

Atatha malonje, apongozi aamuna anakhosomola.

“Mkamwini, mwatipeza tili pamavuto. Fisi watimalizira mbuzi. Koma paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tamva kuti muli ndi chida. Mwasiya m'galimoto?”

Ndinapisa m'thumba la malaya n'kukaika pachikhatho.

Panali zii. Muzikumbukira kuti awa ndi anthu a m'malire, amene anaona nkhondo ya ku Mozambique mpaka kutha kwake mu 1992. AK-47 ya zipolopolo 30 amaidziwa ndi kulira komwe. Ena mwa iwo agogo awo ankasaka ndi gogodela wofunika kumunyamula paphewa. Apongozi anavala magalasi, anawerama, anakayang'anitsitsa, kenako anafunsa mwaulemu wonse:

“Kokongola ndithu. Nanga mayi ake mwawasiya kuti?”

Chikhakhali chimene chinabuka pamenepo chinadzutsa ndi agalu omwe. Doda wina anapempha kuti ndimubwereke ayatsire fodya. Ine magazi anawira. Ndinati ndipatseni poombera muone.

Tinapita kuseri kwa mudzi kumene kuli chulu chachikulu, choti chipolopolo chikaphonya chikalowe m'dothi. Mlamu wanga anaika dambe pamimba pa chulucho, ine n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kamfuti aka kamafuna kuti uyambe wakoka kanyundo ka kumbuyo ndi chala chachikulu nthawi iliyonse usanaombe. M'manja munali thukuta lokhalokha. Ndinatsinzina diso limodzi, n'kukoka.

Thoo!

Apa ndiye ndikayamikire. Paipi yake ndi yaifupi kwambiri moti phokoso lonse limaphulikira pamphuno pako pomwepo, ndi moto womwe kuoneka. Madoda amene ankaseka aja ena anagwa chagada, wopempha moto uja anataya chipewa. M'makutu mwanga munangoti ngwiii. Koma dambe lija linali phee pamalo pake. Ndinaombanso, fumbi linabuka kumanzere. Ndinaombanso, linabuka kumwamba. Kagudumu kanatha, dambe osakandika ndi pang'ono pomwe. Kamnyamata kena kobusa mbuzi kanasolola legeni m'khosi, mwala umodzi, dambe gubudu pansi. Sindinakayang'ane kumaso.

Ndinati vuto ndi mphepo, ngakhale tsamba silinkagwedera, ndipo tibwerere pamthunzi ndikaikemo zina.

Tsono kuika zipolopolo m'kamfuti aka ndi ntchito yofuna mpasa. Umasolola kachitsulo ka pansi pa paipi, kagudumu konse n'kuchoka, kenako ndi kachitsulo komweko umatokosola makoko a zipolopolo zoombedwa, limodzilimodzi. Ndiye kuti wakuba atakupeza nthawi imeneyo, uyenera kumupempha adikire. Ndinakhala pamphasa, ndinayala tizipolopolo tatsopano 5 pambali pa bondo, tikunyezimira padzuwa.

Apongozi aakazi amaweta abakha, ndipo abakha a pakhomopo anazolowera kuti munthu akakhala pamphasa ndiye kuti pagwa chakudya. Panabwera chibakha chachimuna, chofiira kumaso, chikupeperuka ndi kupemerera. Ndinachiingitsa ndi chigongono poti manja onse anali otanganidwa. Chinapendeketsa mutu, chinatambasula khosi, jomph! Ndinaona ndi maso angawa kachotupa kakutsika pakhosi pake.

Ndinawerenga. Zinayi.

“Bakha wameza chipolopolo!” anakuwa mlamu wanga, ndipo liwiro linali la mtondo wadooka. Amayi anatola ana, wina anatola mwana wa mnzake. Bakhayo poona anthu akuthamanga anayesa kuti kwina kwagwa gaga, nayenso anawatsatira. Kumene walowera, anthu balala. Apongozi aakazi, amene chikwatirire sindinawaonepo akuthamanga ndipo timalankhulana chapatali, anandidutsa pafupi kwambiri chitenje chili m'manja, akufuula kuti, “Bambo a mwana, mwatiphera mudzi!”

Titamupanikiza bakha kuseri kwa nkhokwe, panakhala bwalo, aliyense ataima patali. Ine ndinafotokoza zoona zake: chipolopolo cha .22 chimaphulika pokhapokha kanyundo kakamenya mwamphamvu m'mphepete mwa thako lake, kapena chikagwera pamoto. Anthu anayamba kuugwira mtima. Koma panali aphunzitsi ena opuma pantchito amene anakweza chala.

“Pepani, mkamwini. M'nthutumba ya bakha mumakhala timiyala, ndipo ntchito ya nthutumba ndi kupera. Nanga kamwala kakagunda m'mphepetemo?”

Bwalo linafutukanso. Mtsutso unakula: kodi akaphulika, chipolopolo chitulukira kukamwa kapena kumbuyo? Poti palibe ankadziwa, anagwirizana kuti malo abwino kuima ndi cham'mbali mwa bakha. Ndiye bakha akatembenuka, mudzi wonse unkatembenuka naye.

Ine ndinati timuphe ndichotse chipolopolo changa, ndilipira. Apongozi aamuna anakana kuti mpeni ndi chitsulo, ndipo mwambo wake nthutumba amadya ndi iwo, sakufuna kufera ndiwo. Apongozi aakazi anakananso, akulankhula moyang'ana kumbali, kuti bakhayo ndiye tate wa abakha onse pamudzipo. Chigamulo chinali chakuti chinalowa chokha, chituluke chokha. Bakha amangidwe kutali ndi nyumba, ndipo mwini chipolopolo azikayendera zitosi.

Ndinamunyamula ndekha, pang'onopang'ono ngati dengu la mazira, kukamumanga mwendo pa mtengo wa msawu kuseri kwa khola la mbuzi. Madzulo onse, munthu wamkulu, wogula ng'ombe, wachiphaso cha boma, ndinali chinjenjemera ndi kamtengo m'manja ndikufukula zitosi za bakha, ana akundionerera ali pachulu. Kutada, udzudzu wa kuchigwa unandithamangitsa. Ndinati ndidzapitiriza m'mawa.

Tambala woyamba atalira ndinapita ndi tochi. Pamsawu paja ndinapeza chingwe, nthenga zili mbwee, ndi mapazi a fisi olowera cha ku Lengwe. Mbuzi zonse zinali bwinobwino m'khola.

Apongozi aamuna anabwera atafunda nsalu, anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali, kenako anandigwira chanza ndi manja awiri.

“Mkamwini, tinakuchimwirani dzulo. Chipolopolo chanu chamulowa fisi m'mimba. Kungoti mfuti yanuyi imadya bakha mmodzi pa kuomba kulikonse.”

Bakha ndinalipira, pamtengo wa tate wa abakha onse. Chinatsala n'kukanena kupolisi kuti chipolopolo chimodzi chasowa, poopa kuti chingadzapezeke polakwika dzina n'kukhala langa. Wapolisi wa pakauntala analemba mpaka pa mawu akuti bakha, anaika cholembera pansi, n'kundiuza kuti ndidikire kaye aitane anzake onse, ndiyambirenso pachiyambi.