Sopo amene anadya sefuliya ya apongozi

Muyezo wopangira sopo ndinali nawo ndithu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna magalamu pafupifupi 135 a kositiki soda, wosungunulidwa m'madzi okwana mamililita 350. Magolovesi ndinavala, ndipo sodayo ndinkathira m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, chifukwa ukatembenuza zimakuthovukira kumaso. Ndinaphonya pamodzi pokha. M'ndowa ya pulasitiki munali mutanyikidwa zovala, ndiye ndinangotola sefuliya ya aluminiyamu, ija apongozi anatipatsa paukwati.

Kositiki soda akamasungunuka amatenthetsa madzi mpaka kutsala pang'ono kuwira, choncho nthunzi yoyamba sinandidabwitse. Koma m'malo moti madziwo ayere, anayamba kuda bii, thovu lili thobvuthobvu ngati thobwa losasa. Soda ameneyu ndi besi, mdani wa asidi, ndipo pa muyezo wa pH, woyezera ukali wa asidi ndi besi, ali kumapeto, pa 14. Chitsulo chosachita dzimbiri sachikhudza, koma aluminiyamu amamudya. Amayamba wasenda kachikhungu kopyapyala koteteza sefuliya, kenako amalowa mkati, ndipo thovu lija ndi mpweya wa haidrojeni, umene umayaka. Mbaula inali pafupi, nyemba zili pamoto. Ndinaikoka ndi phazi, nyemba n'kukhuthukira pansi, nkhuku n'kuyamba phwando.

Apa m'pamene nzeru za kusukulu zinandipweteketsa. Asidi akakumana ndi besi amathetsana mphamvu, n'kutsala mchere ndi madzi. Ndinathamangira viniga. Botolo lonse la mamililita 750 ndinalikhuthulira momwemo, ndili nganganga ngati wozimitsa moto. Koma viniga wa kukhitchini asidi wake ndi magawo 5 okha pa 100, kwinako ndi madzi. Kuti ugonjetse soda wa magalamu 135 pamafunika malita anayi. Komanso kuthetsanako kumatulutsa kutentha kwina, ndiye chiphala chija chinangolusa, n'kundidonthera pamkono pamene golovesi inathera.

Pamalopo panayamba kuterera. Kutererako si ukhondo ayi, ndi soda akusandutsa mafuta a pakhungu kukhala sopo. Kunena zoona, ameneyo ndiye sopo yekhayo amene ndinapanga tsikulo, ndipo mafuta ake anali anga. Apa sipafunikanso viniga kapena mandimu, koma madzi oyenda kwa mphindi 20. Ndinagwada pampopi ngati wolapa, mafuta a mpendadzuwa ali phee m'chigubu chawo, osakhudzidwa n'komwe.

Mayi a Tadala atafika anatsuka sefuliya ija osayankhula, n'kuitukula kudzuwa. Anandiyang'ana kudzera m'mabowo asanu.

"Bambo a Tadala, amayi akubwera Lamlungu. Mukafotokoze nokha."

Lamlungu apongozi anaitembenuza uku ndi uku, n'kuloza mabowowo.

"Inu apongozi, mwaiboola bwino chotere ndi chiyani? Imeneyi ndiye yosefera chidulo cha therere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti chidulo nachonso ndi besi, phulusa lake limadya aluminiyamu chimodzimodzi, kungoti mwaulesi. Mayi a Tadala anandiponda chala chachikulu pansi pa tebulo.

"Ndi msomali, amayi," ndinatero.