Lachitatu pa Ram Mountain: NaPhiri wabwera yekha

Ndikulemba izi cha m'ma 10 koloko usiku koma kunja kukadali mbee, utha kutola singano pansi. Mwezi wakwana ndili kuno koma zoti dzuwa lizilowa nthawi imeneyi thupi langa silinavomerezebe, tulo timabwera mochedwa nde mmawa 5 koloko uyenera kukhala utadzuka kale. Lero mtima sunakhale bwino, nde ndati bola ndilembe ndisanagone.

Kwa amene mwangoyamba kuwerenga, ndili ku Alberta ku Canada, pa phiri lina lotchedwa Ram Mountain pafupi ndi katauni ka Nordegg komwe kale ankakumbako malasha. Ndabwera kudzaphunzira ntchito ndi gulu lomwe limafufuza za nkhosa zakutchire zimene kuno amati bighorn. Phirili lili palokha, latalikirana ndi mapiri akuluakulu a Rockies mwina makilomita 30, lazunguliridwa ndi nkhalango ndipo mbali ina kwadutsa mtsinje wa North Saskatchewan, nde nkhosa za pano sizichokachoka. Nchifukwa chake akhala akuzitsatira chiyambire 1971, imodziimodzi, kuyambira kubadwa mpaka kufa. Anayambitsa ndi akatswiri a zanyama a boma la Alberta, kenako kwa zaka zambiri ntchitoyi yakhala m'manja mwa anthu ngati Jon Jorgenson ndi Marco Festa-Bianchet wa ku yunivesite ya Sherbrooke ku Quebec. Ndiye anzanga ambiri pa kampu pano amayankhulana Chifalansa, ine amandiyankhula Chingerezi, ndipo ndawaphunzitsa kale kunena kuti zikomo ndi tiyeni.

Mmawa udzu unali woyera ndi chisanu. Kuno ati ino ndi nyengo yotentha, koma kuzizira kwa mmawa kumaposa kuja kwa ku Dedza mu Juni komwe tinkalira nako. Tamwa tiyi mwachangu, aliyense watenga kachitini kake ka mankhwala opopera chimbalangondo chikakuyandikira (popanda kameneka sutuluka, ngakhale popita kuchimbudzi), basi ulendo wa ku khola.

Kholalo ndi msampha. Ndi mpanda wautali wokhala ndi chitseko, mkati timaikamo mchere. Nkhosazi zikatuluka m'nyengo ya chisanu nkuyamba kudya msipu wanthete zimalakalaka mchere koopsa, makamaka zoyamwitsa, nde zimatsika zokha kudzanyambita. Munthu umabisala chete, chingwe cha chitseko chili m'manja, nkumadikira. Zimandikumbutsa kulondera anyani pa nsanja kumunda kwa agogo, kusiyana kwake nkwakuti uku ukufuna nyamazo zilowe. Lero tadikira maola awiri ndi theka, zala zinachita kuuma, osayankhula, osatsokomola.

Cha m'ma 8 ndinamva timiyala tikugubuduka kumtunda, kenako kulira kwa tiana. Zinatsika zisanu ndi zinayi, zazikazi zisanu, tiana titatu ndi kamphongo kamodzi kobadwa chaka chatha. Ndisanaone nkomwe makolala a m'khosi omwe timazizindikirira nawo ndinawerenga tiana kawiri, katatu, chifukwa gulu limeneli ndimalidziwa ndipo sabata yatha tiana tinali tinayi.

Pali nkhosa ina yaikazi ya kolala yoyera, mu kaundula ili ndi nambala yake koma ine ndinaitcha NaPhiri tsiku loyamba lomwe, chifukwa inaima pamwamba pa thanthwe nkumatiyang'ana ngati mwini phiri. Anzangawa atamva tanthauzo lake nawonso anayamba kuitchula choncho. Ili ndi zaka 11, kwa nkhosa imeneyo ndi ntchembere ndithu. Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinaiona ndi kamwana kakang'ono kwambiri kuposa tinzake, kobadwa mochedwa, ndipo ndakhala ndikukalemba m'kope mwanga masiku onsewa, kayamwa masekondi angati, amake akukankha kapena ayi. Lero NaPhiri walowa m'khola yekha. Sanatembenuke kuyang'ana m'mbuyo, sanaitane, wangolunjika pa mchere.

Chitseko chitatsekedwa ntchito imakhala yothamanga, za chisoni umayamba waziika pambali. Timalowa awiriawiri, kugwira nkhosa, kuigoneka pansi, kuiphimba m'maso ndi kansalu kuti ifatse, kumanga miyendo, nkuikweza pa sikelo. Wina akuyeza nyanga ndi tepi, kutalika kwake motsatira kupindika komanso kukula kwa patsinde, wina akulemba. Palibe kubaya mankhwala ogonetsa, ndi manja basi, ndipo mphamvu zomwe nyamazi zili nazo sizocheza, mwendo wanga wakumanzere uli ndi chipsera cha sabata yatha. Aliyense amayankhula monong'ona. Mtsikana wa ku Quebec amene akutitsogolera chaka chino, yemwe akuchita digiri yake yachiwiri pa nkhosa zomwezi, anandikodola nati bwera, iyi uyese ndiwe.

NaPhiri analemera makilogalamu 58. Kenako ndinapisa dzanja kunsi kuti ndione bere, chifukwa umu ndi mmene timadziwira ngati nkhosa ikuyamwitsa. Linali litayamba kufota, nditafinya munatuluka timadzi tochepa chabe. Ndinamuyang'ana mnzangayo, iye anangogwedeza mutu nati lemba. Ndinalemba kuti inabereka koma mwana watayika. Pa fomu ndi kachizindikiro kamodzi kokha. Mtembo wa kamwana kotere kawirikawiri suupeza, phirili ndi lalikulu ndipo kuli ziwombankhanga, nkhandwe zakuno zija amati coyote, ndi cougar, chimphaka chachikulu chooneka ngati mkango waukazi. Tiana tina timangofa ndi kuzizira ndi njala, makamaka tobadwa mochedwa ngati aka.

Titamasula miyendo nkuchotsa kansalu, inadzuka, kudzikutumula, nkubwereranso pa mchere. Ine ndi amene ndinatsala nditagwada.

Tinamaliza zonse cha m'ma 10. Tiana tiwiri tinali tisanaikidwe zizindikiro, nde tatiboola makutu nkuika timapuleti ta manambala ndi timaliboni tamitundu kuti tizizindikirika patali, ndipo kachidutswa ka khutu kochoka pobowolapo timakasunga m'kabotolo kuti akayeze DNA. Amake a mwana timawadziwa poona amene akuyamwitsa, koma bambo wake amadziwika ku labu. Kamodzi kanali kolemera makilogalamu 13, konenepa bwino, kakumenya miyendo ngati kambuzi ka kwathu ukakagwira.

Tikudya buledi mnzanga uja anaona kuti ndangoti zii, nde anatsegula kompyuta nkundionetsa mzere wa NaPhiri. Abale inu. Tsiku lomwe anagwidwa koyamba ali kamwana, kulemera kwake chaka ndi chaka, ana onse amene anabereka, amene anakula ndi amene anafa. Pamwamba pake amake, pamwamba pake agogo ake, mpaka kukafika zaka zomwe amayi anga anali ku pulayimale. Ena mwa anthu amene analemba manambala oyambirirawo anapuma kale ntchito, koma anagwada pa dothi lomweli nkuyeza mofanana ndi mmene ndayezera ine lero. Ine mbiri ya banja lathu ndimaidziwa kulekezera pa agogo a amayi anga, kupitirira apo ndi nthano, koma nkhosa iyi mibadwo yake yonse ili m'buku.

Anandiuzanso chinthu chomwe ndakhala ndikuchiganizira tsiku lonse. Kuchokera m'manambala omwewa anapeza kuti zinthu zikavuta, msipu ukachepa chifukwa nkhosa zachuluka, nkhosa yaikazi imayamba yadzisamala yokha. Imachepetsa mkaka, mwana nkumakula monyentchera, iyo thupi lake osatsika kwenikweni. Poyamba zinandiwawa kumva, chifukwa ife tinakula tikuona amayi akugona ndi njala kuti ana adye. Koma nkhosa imabereka mwana mmodzi pa chaka, ndipo ikalowa m'nyengo ya chisanu ili yowonda imafa, ana onse a m'tsogolo nkufera limodzi. NaPhiri wafika zaka 11 chifukwa chomwecho. Ndinafunsa ngati abereke chaka chamawa, anati mwayi ulipo waukulu, poti sakuyamwitsa anenepa msanga, pofika Novembala nthawi yokwerana akhala ali bwino.

Masana ine ndi mnyamata wina tinakwera kumtunda kukawerenga zomwe sizinabwere ku khola. Kukwera kwake nkwa pa miyala yoterereka, mitengo imathera m'munsi, pamwamba pa phirili ndi mamita opitirira 2,100 ndipo mphepo yake imakulowa mpaka m'mafupa. Miyendo yanga inazolowera Mulanje nde pokwera sindivutika, chimene chimandivuta ndi maso. Nkhosazi mtundu wake ndi wofanana ndi miyala, mnzangayo amangoti apo zisanu, ine ndikuona phiri lokhalokha, mpaka imodzi itatembenuka nkuonetsa kumbuyo koyera. Zili ngati chinkhoma cha kwathu, umachidutsa chili poteropo. Koma lero ziwiri ndayamba kuziona ndine, ndipo ndinawerenga bwino mitundu ya m'makutu pa chiwonera patali osalakwitsa.

Kuseri kwa phiri tinapeza zamphongo zinayi zitagona, nthawi ino zimakhala pazokha. Imodzi nyanga zake zazungulira kufika pafupi ndi maso, ukayang'anitsitsa umaona mizere yomwe imasonyeza zaka, chifukwa nyanga imaima kukula nthawi ya chisanu nkusiya mzere. Nyanga zimenezi ndi zomwe zinatchukitsa phiri lino. Alenje olipira amafuna mphongo ya nyanga zazikulu, ndipo lamulo linkalola kuombera iliyonse yomwe nyanga zake zazungulira magawo anayi mwa asanu. Nde mphongo zokula nyanga msanga zinkaphedwa zili ndi zaka 4 kapena 5, zisanafike msinkhu womwe zimabereka ana ambiri, zotsala nkukhala za nyanga zochedwa kukula. Mu 2003 David Coltman ndi anzake analemba mu magazini ya Nature kuti m'zaka 30 nyanga ndi matupi a mphongo za pano zinachepa kamba ka zimenezi. Nkhaniyi inautsa mkangano waukulu ndi alenje ndipo mpaka pano ena sagwirizana nayo, koma ine nditagwira tepi ija ndi manja anga ndikuona kuti mkangano umenewu ungathe kuchitika chifukwa choti wina anayeza nyanga iliyonse chaka chilichonse osatopa. Kwathu timakamba zambiri za njovu zobadwa zopanda minyanga kumene kunali kupha kwambiri, ngati ku Gorongosa ku Mozambique nkhondo itatha, nkhani yake ndi yofanana.

Pamwamba pomwepo ndi pomwe netiweki imagwira, nde 1 koloko ndinaimbira amayi, kwathu inali 9 koloko usiku. Anayamba ndi mafunso awo a masiku onse, ukudya mwanawe, jekete ija ikukwanira. Nditawauza za NaPhiri anakhala chete pang'ono nkuti pepa mwanangu, chiweto chimawawa. Kenako anafunsa kuti nanga bwanji osangozitsekera m'khola pamodzi ndi nkhosa zoweta kuti zilombo zisamagwire ana. Ndinawafotokozera kuti amayi, chimenecho ndiye choopsa kuposa zilombo. Nkhosa ndi mbuzi zoweta zimanyamula kachilombo kotchedwa Mycoplasma ovipneumoniae, izo osadwala kwenikweni, koma zikangokhudzana mphuno ndi zakutchirezi chibayo chimalowa m'gulu lonse, zambiri nkufa, ndipo zopulumuka zimapatsira ana awo kwa zaka nde tiana timangofa chaka ndi chaka. Madera ambiri a kumadzulo kwa America ndi Canada nkhosazi zinatha chonchi. Amayi anati ngati chitopa eti, nkhuku imodzi yogula pa msika kumaliza khola lonse. Ndinati eya amayi, chimodzimodzi.

Potsika mnzanga uja anandionetsa chigwa chomwe cougar amakonda kudutsa. Nkhosa za pano zinapitirira 200 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenako zinatsika mpaka kuchepera 50, china chifukwa zinachuluka kwambiri msipu nkuchepa, china chifukwa cha ma cougar ochepa chabe amene anazolowera kugwira nkhosa. Zinafika poti anakatenga zina ku Cadomin, dera lina la mu Alberta momwemuno, kudzaonjezera kuti magazi asamangozungulira pachibale. Nde mukamva ndikudandaula kamwana kamodzi musadabwe, pa gulu laling'ono chonchi kamodzi nkambiri.

Madzulo inali nthawi yanga yophika, ndaphika mpunga ndi nyemba za m'chitini, ufa womwe ndinabwera nawo ndikuusungira tsiku lobadwa langa. Titadya ndakhala pansi kulowetsa manambala a lero mu kompyuta, wina akuwerenga pa fomu ine ndikulemba kenako kusinthana kuti tione ngati palibe cholakwika. Nditafika pa mzere wa NaPhiri ndinalemba 58 ndi kachizindikiro kaja, nkutsegula kope langa kuona tsiku lomaliza lomwe ndinakaona kamwanako, linali Lachisanu, kakuyamwa masekondi 14. Ndalembanso limenelo, chifukwa ati tsiku lomaliza kuoneka limafunika.

Mawa tidzukanso 5 koloko. Mchere watsala pang'ono ku khola nde ndinyamula chibuma china, ndipo pali zazikazi ziwiri zomwe sitinazigwirebe chaka chino, imodzi mwa izo ndi mwana wa NaPhiri wa zaka 4, ya kolala yobiriwira. Mnzanga uja akuti anaiona Lolemba kuseri kwa phiri ili ndi kamwana pambuyo.