Chimene chimawononga mitumbira ya manda amakedzana

Mitumbira ikuluikulu imene anthu akale ankaikamo akufa awo nthawi zambiri siitha tsiku limodzi. Imadyeka pang'onopang'ono, ndipo zoidya zake ndi pulawo, mizu, ziboda za ng'ombe ndi nyama zokumba mauna.

Kuti mumvetse kuopsa kwa kabowo kamodzi, onani za ku Denmark. Mitumbira yakumeneko ankaimanga posanjikiza zibuma zaudzu, udzuwo utayang'ana pansi. Mu ina mwa iyo, chitsulo cha m'dothi chinaundana n'kupanga khungu lolimba la dzimbiri lokuta pakati ponse. Madzi anatsekeredwa mkati, mpweya osalowa, zinthu osaola. N'chifukwa chake bokosi la maliro la mtsikana wina, limene linafukulidwa mu mtumbira wa pamudzi wa Egtved mu 1921, linapezeka lili ndi tsitsi lake, siketi ya zingwe zaubweya, ngakhale duwa limene anamuikira. Mtengo wa bokosilo unadulidwa mu 1370 Yesu asanabadwe. Khungu lija likangobooka, madzi amatuluka, mpweya n'kulowa, ndipo zimene zinasungika zaka zoposa 3,000 zimayamba kuola. Ine zimandipweteka kuti kunja mtumbira umaonekabe bwinobwino pamene mkati mukutha.

Pulawo imayambira m'mphepete. Chaka chilichonse imashasha pang'ono, tsinde limagumuka, ndipo ngalande yakale yozungulira mtumbira, imene inakwiririka kalekale, imasokonezeka. Malamulo a ku Denmark amaletsa kulima, kuthira feteleza kapena kubzala pa mamita 2 kuzungulira mtumbira wotetezedwa, komanso kusintha malo popanda chilolezo pa mamita 100. Ku England, lamulo la 1979 limafuna chilolezo musanagwire ntchito pamalo akale olembedwa m'kaundula wa malo otetezedwa.

Chovala chabwino cha mtumbira ndi udzu waufupi wothithikana. Nkhosa zimausamala bwino chifukwa n'zopepuka, pamene ng'ombe zimaponda n'kusiya matope, makamaka nthawi ya mvula. Musaikepo chomwera ziweto kapena mchere wonyambita, ndipo nsanamira za mpanda zizikidwe kutali.

Mtengo ukamera pamwamba, udulireni pansi penipeni, chitsa chisiyeni chiolere pomwepo. Kuchizula kumabweretsa vuto lomwelo limene mphepo imachita ikagwetsa mtengo: mizu imatuluka ndi dothi la m'manda. Pamene pakokoloka, yalani kaye nsalu yolowa madzi kuti dothi lakale lisasakanikirane ndi latsopano, thirani dothi lochokera kwina, kenako fesani udzu, ndipo ziweto zisafikepo mpaka udzu utagwira.