Chambo chinatha, ya machubu yapezeka

Dzulo ku Senga Bay kunali fumbi lokhalokha, anzanga! Achinyamata tinakonza phwando losonkhetsa ndalama za nazale yathu ya mitengo. Pakhomo K2,000, ndipo chambo chootcha chinatha dzuwa lisanalowe. Magetsi anathima gule ali mkati, anyamata anangotola ng'oma basi.

Ndalamazi tigulira machubu (timatumba tapulasitiki tofeseramo mitengo) ndi mbewu za mbawa ndi msangu. Ine wanga ndi msangu: umayoyola masamba dzinja, chimanga pansi pake osasowa dzuwa, manyowa aulere. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, mbande zikhale zitakula. Amene waona mmene makala akumalizira mitengo kufupi ndi nkhalango ya Thuma sangafunse chifukwa.

Inu munalowera kunyanja osalipira aja, tinakuonanitu. Loweruka mubwere ndi makasu.