Mtsinje Umene Umayendera Wotchi

Tsiku loyamba limene ndinapalasa bwato kumunsi kwa damu lopangira magetsi, ndinafika m'mamawa n'kupeza miyala ili poyera, yoterera ndi ndere, madzi ali ochepa moti nkhafi inkagunda pansi. Patangopita maola awiri, makina a kudamu atayatsidwa, madziwo anakwera mpaka kumiza mwala umene ndinakhalapo pomanga zingwe za nsapato, chonsecho kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuona kuti chachikulu chimene damu limalanda mtsinje ndi nyengo zake, chifukwa kusefukira ndi kuphwera kumayamba kutsatira nthawi imene anthu akufuna magetsi.

Kumtunda kwa damu nkhani ndi yaifupi ndiponso yomvetsa chisoni. Malo amene madzi ankawinduka pamiyala n'kuchita thovu amamira pansi pa nyanja yabata. Mathithi a Bujagali pa mtsinje wa Nile ku Uganda, amene ankakopa opalasa mabwato ochokera kutali, anamira motero chifukwa cha damu la Bujagali, limene linamalizidwa mu 2012, ndipo opalasa anasamukira kumunsi. Kumunsi kwa madamu, ndiyenera kuvomereza, opalasa nthawi zina amapindula. Pa mtsinje wa Gauley m'chigawo cha West Virginia ku America, madzi a m'damu la Summersville amatsegulidwa pa masiku odziwika m'miyezi ya September ndi October, kotero munthu amatha kukonzekera ulendo wake kudakali miyezi, ali wotsimikiza kuti akapeza mafunde aakulu.

Koma nsomba sizidziwa ndandanda imeneyi, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mtsinje wa Colorado ku America unali wamatope, wofunda m'chilimwe ndi wozizira kwambiri m'nyengo yachisanu. Zitseko za damu la Glen Canyon zitatsekedwa mu 1963, matope ndi mchenga zinayamba kudikha m'nyanja ya Powell, imene inapangika kuseri kwa damulo, ndipo madzi otuluka, popeza ankachokera pakuya m'nyanjayo, kwa zaka zambiri anali oyera ndi ozizira pafupifupi madigiri 8 chaka chonse. Nsomba za trout, zimene si za mumtsinjewo, zinachuluka pa Lees Ferry, kumunsi kwa damulo, mpaka malowo anatchuka pakati pa owedza ndi mbedza. Munthu wongofika angaganize kuti mtsinjewo uli bwino kuposa kale. Komabe humpback chub, nsomba yobadwira momwemo, imafuna madzi ofunda kuti mazira ake aswe ndi kuti ana ake akule, choncho inachepa kwambiri n'kudalira makamaka kamtsinje ka Little Colorado, kamene kamathira m'Colorado mkati mwa chigwa chakuya cha Grand Canyon. Msodzi akamatamanda trout wonenepa ali pa mbedza yake, ine ndimakumbukira nsomba imene inasiya malowo kuti trout akhalepo.

Kusowa kwa mchenga kumakhudzanso opalasa, pakuti timagombe timene ankakocheza mabwato ndi kugonapo usiku tinayamba kukokoloka popanda chotibwezeretsa. Ndiye chifukwa chake mu 1996 oyang'anira damulo anatsegula dala madzi ambiri nthawi imodzi kuti atengeko mchenga wa pansi pa mtsinje n'kuuunjikanso m'mphepete, ndipo akhala akubwereza zimenezi nthawi ndi nthawi.

Nsomba zimene zimakwera mtsinje kukaikira mazira ndi zimene zimavutika koposa, chifukwa khoma likakhala lopanda njira yodutsira, ulendo wawo umathera pomwepo. Pa mtsinje wa Elwha m'chigawo cha Washington ku America, madamu awiri anatsekereza nsomba za salmon kwa zaka pafupifupi 100, mpaka pamene anagumulidwa pakati pa 2011 ndi 2014. Mchenga umene unali utaunjikana kuseri kwa makomawo unatsetsereka n'kukapanga gombe latsopano pamene mtsinjewo umathirira m'nyanja, ndipo salmon zinayambanso kuoneka kumtunda kwa malo amene madamu aja anali.