Tinapita ku Msaka ndi kalata yathu ya pangano 190

Loweruka tinanyamuka pa boma la Mangochi 6 koloko mmawa, azimayi 14 a gulu lathu la banki m'khonde, ambirife ogulitsa usipa ndi utaka. Minibasi inatitengera msewu wa ku Monkey Bay, kenaka tinakhotera wa ku Cape Maclear mpaka ku Msaka, fumbi lokhalokha chakumapeto koma tinafika bwino.

Anzathu a ku dooko anatilandira pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba, theka lake anali opanda kanthu chifukwa mwera unawomba sabata yonse. Nkhani yathu inayambira pomwepo. Mwera ukawomba nsomba zimasowa, mabeseni amachuluka kuposa usipa, ndiye alovi ena amasankha okha wogulitsa, ndalama ukhala nazo mmanja koma munthu akuuza kuti "tikumane madzulo". Tonse timadziwa zimenezi, kungoti sitinena pagulu.

Tinabwera ndi kalata yopempha aphungu athu kuti akakankhe boma livomereze pangano nambala 190 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, lothana ndi nkhanza ndi kuzunzana pantchito, lomwe anagwirizana ku Geneva mu 2019. Namibia ndi South Africa anavomereza kale. Chomwe chinandikopa ine nchoti silikamba za a mu ofesi okha ayi, limawerengeranso ife osalembedwa ntchito, ndiye kuti dooko ndi malo antchito, msika ndi malo antchito, ngakhale ulendo wopita ndi kubwerako kuntchito ulimo.

Mayi ena achikulire, omwe ali mu komiti ya BVC yoyang'anira za usodzi pa dooko, sanatinyengerere. Anati, "Ana inu, pangano la ku Maputo la ufulu wa amayi lija Malawi anavomereza 2005, lamulo la Gender Equality linabwera 2013, nanga pano pasintha chani?" Tinangoti zii. Wapampando wathu ndi amene anayankha, anati amayi mukunena zoona, pepala silimuopsa mlovi, koma ukwati wa ana aja mpaka anasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti zaka zikhale 18, pano mfumu ikathetsa ukwati wa mwana imakhala ndi potsamira. Ifenso tikufuna potsamira. Sindinganene kuti anakhutira, anangoti "chabwino tione", koma chala chawo anadinda.

Ambiri anadinda zala ndithu, inki yathu inauma ndi dzuwa mpaka tinachita kudonthezera madzi a mmbotolo. Azibambo awiri eni zilimira anasainanso, mmodzi anayamba wafunsa ngati dzina lake lipite ku polisi, tinaseka tonse.

Tinagwirizana kuti anzathu a ku Msakawo abwera kwathu mwezi wa mawa ndi mayina a ku Chembe, kalatayo tikapereke limodzi. Pobwerera usipa tinagula beseni limodzi lokha azimayi 14, tinagawana ndi kapu mu minibasi momwemo.